Chimera, Thobwa ndi Phala la Mwana

Nkhani yokambidwa kwa amayi a ku sikelo ku Nkhudzi, m'boma la Mangochi

Khalani momasuka, ndipo mwana amene akufuna bere mpatseni, nkhani yathuyi siiletsa kuyamwitsa.

M'sewero lomwe tinamvera pa wailesi lija munali mkangano pakati pa mayi wachitsikana ndi amayi ake omubereka. Mwana wa miyezi 9 anali atasiya kukwera pa sikelo. Agogo ankati mwanayo azimwa thobwa, pakuti ana awo onse anakulira thobwa. Mayi wa mwana ankakana, amvekere thobwa ndi mowa umene sunakhwime, ndipo iye sangamwetse khanda zoledzeretsa. Bambo wa mwana, monga amachitira abambo ambiri nkhani ikafika pa chakudya cha ana, anangotola nkhafi nkumapita kunyanja. Sewero linatha anthuwo asanamvane, ndipo m'magulu omvera wailesi anthu anagawikana pawiri. Lero tiikambirana nkhaniyi mofatsa, chifukwa aliyense wa awiriwo anali atagwira mbali imodzi ya choonadi.

Nkhaniyi si yamasewera. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira. M'boma lathu la Mangochi anali 45, chonsecho ndife amene timadyetsa nsomba dziko lonse. Kupinimbiraku kumayamba mwana ali m'mimba ndipo kumakula kwambiri pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2, nthawi yomwe mwana amadalira phala.

Kodi vuto la phala lili pati?

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa mayi wokha sumukwaniranso, ndipo timayamba kumpatsa phala uku akuyamwabe. Koma kamimba kake nkakang'ono. Pa nthawi imodzi sangamalize kuposa kapu imodzi ya tiyi. Tikaphika phala la mgaiwa ndi ufa wambiri, limalimba ngati nsima yofewa, mwana nkumalavula. Ndiye timatani? Timathira madzi. Mwana amamwa bwino phala lamadzimadzi lija, mayi nkumati mwana wanga wadya, pomwe chadzaza m'mimbamo ndi madzi. Pakapita kanthawi wakodza, njala yabwerera.

Kuno kunyanja tilinso ndi vuto lathulathu. Usipa ukafa wambiri mayi amalawirira kudoko kukagula ndi kukayanika pathandala. Mwana amatsala ndi mkulu wake wa zaka 8, pamodzi ndi kapoto ka phala lophikidwa m'mamawa. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa. Pofika masana tizirombo toyambitsa kutsegula m'mimba timakhala titaswana m'phala lozizira lija, ngakhale likuoneka bwinobwino.

Pa mavuto awiriwa, nzeru za amayi ofulula mowa ndi ophika thobwa zikhoza kutithandiza. Choncho tiyeni tisuzumire mumtsuko.

Antchito atatu a mumtsuko

Kuti phala la chimanga lisanduke thobwa, kenaka mowa, pamagwira ntchito antchito atatu, wina pambuyo pa mnzake.

Woyamba ndi chimera. Mbewu ya mapira, ya mawere kapena ya chimanga ikayamba kumera (tikati mawere pano tikunena a kumunda, amayi musaseke), imatulutsa mphamvu yosungunula ufa umene uli m'kati mwake kuti kamphukira kapeze chakudya. Mphamvu imeneyi siitha tikayanika chimeracho padzuwa. Tikathira chimera m'phala lolimba, chimadula ufa uja nkuusandutsa shuga. Nchifukwa chake phala limasungunuka inu mukuona, ndipo limatsekemera musanathiremo shuga wa ku golosale. Dziwani kuti chimera sichipanga mowa. Ntchito yake ndi yosungunula ndi kutsekemeretsa basi.

Wachiwiri ndi tizirombo tabwino tosasitsa, tofanana ndi timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko, kapena timene timawawasitsa matsukwa mukanyika mphale. Timadya shuga uja nkutulutsa asidi wowawasa. Kuwawasa kumeneku nkwabwino, chifukwa tizirombo tambiri ta matenda otsegula m'mimba, kuphatikizapo ta kolera ndi ta kamwazi, sititha kuswana m'chakudya chosasa bwino.

Wachitatu ndi yisiti, yemwe uja amatupitsa buledi ndi mandasi. Naye ndi kachirombo kamoyo kosaoneka ndi maso. Amadya shuga nkutulutsa zinthu ziwiri: mpweya umene umachititsa thovu ndi kaphokoso kaja ka kuwira, ndi choledzeretsa chenichenicho. Yisiti amayamba ali wochepa, koma pa malo ofunda amaswana msanga, kotero kuti thobwa lomwe linali lotsekemera Lachisanu limakhala likuwira pofika Lamulungu.

Azungu anazindikira mochedwa kuti kusasa ndi kuwira kumachitika ndi tinthu tamoyo. Katswiri wa ku France, Louis Pasteur, analemba za kusasa kwa mkaka mu 1857. Agogo athu analibe makina oonera tizirombo, koma kuweta tizirombo timeneti ankakudziwa kalekale.

Apa mwaona kuti agogo a m'sewero aja ankanena za wantchito woyamba ndi wachiwiri, pamene mayi wa mwana ankaopa wachitatu.

Mbewu ya mowa

Funsani mayi aliyense wofulula masese chifukwa chake mbiya yake yakale imawiritsa msanga kuposa yatsopano. Mbiya yadothi ili ndi timing'alu ndi timaenje momwe yisiti wa mowa wapitawo amabisala. Mukathiramo phala latsopano lotsekemera, yisiti uja amadzuka nkuyamba ntchito. Ena sadalira mbiya yokha. Amapatula mowa pang'ono umene ukuwira mwamphamvu, kapena zotsalira za pansi pa mbiya, nkuusunga m'chipanda kapena m'kamtsuko. Tsiku lofulula likayandikira amaudyetsa phala lachimera lozizira kuti yisiti achuluke, ndipo ukachita thovu amautsanulira mumowa waukulu. Tingoti imeneyi ndi mbewu ya mowa, pakuti imagwira ntchito ngati mbewu: mumasunga pang'ono za chaka chino kuti mudzadzale chaka chamawa. Masiku ano enanso amangogula yisiti wa buledi ku golosale nkuonjeza shuga.

Wofulula waluso amadziwa kuti mbewuyi siithiridwa m'phala lotentha, chifukwa yisiti amafa ndi moto. Amadziwanso kuti nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julaye, mowa umachedwa kupsa, ndipo amafunditsa mbiya ndi chiguduli, pamene m'chilimwe umathamanga mpaka kusasa asanaugulitse. Cholinga cha mbewu nchakuti tizirombo tofunikato tiyambe tili tambiri, tisapereke mpata kwa tizirombo toononga.

Nanga ife amayi a ana zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa m'nyumba zambiri mtsuko wa thobwa ndi umodzi, ndipo sutsukidwa kwenikweni poopa kuti thobwa lingasiye kukoma. Ngakhale m'mabanja a Chisilamu ndi a mipingo yoletsa mowa, momwe mowa sufululidwa nkomwe, thobwa limaphikidwa pa ukwati, pa sadaka ndiponso ana akamatuluka ku jando ndi ku nsondo. Mtsuko wosatsuka uja uli ndi mbewu yake, mwiniwake afune asafune. Thobwa lothiridwa m'menemo limasasa msanga, zomwe nzabwino, koma limayambanso kuwira msanga. Chimodzimodzi ndi zigubu zapulasitiki zomwe ogulitsa thobwa amangodzazamo tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake thobwa logula pamsika si loyenera kumwetsa mwana wamng'ono: simudziwa tsiku lomwe linaphikidwa, kapena madzi omwe anasungunulira.

Kukonza chimera chabwino

Ambiri a inu mumadziwa kale kufutsa chimera kuposa ine. Ndingotchula malo omwe pamalakwika.

Yambani ndi mbewu zouma, zosafumbwa ndi zopanda fungo la nkhungu. Mbewu yogula m'sitolo yodzala, ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, musaiyese ngakhale mutaitsuka kangati. Mankhwala amenewo ndi poizoni. Petani, tsukani, ndipo zonse zoyandama pamwamba pa madzi tayani.

Nyikani mbewuzo usiku umodzi kapena tsiku lathunthu m'madzi a pa mjigo kapena a pa mpopi, ndipo musinthe madziwo kamodzi. Mukatsanula, yalani pachiguduli choyera kapena pamasamba a nthochi m'nyumba, nkufunditsa. Muziwaza madzi pang'ono m'mawa ndi madzulo ndi kutembenuza ndi manja osamba, kuti mpweya uzilowa. Chimera chounjikidwa mulu waukulu chimatentha m'kati ndipo pamenepo ndi pomwe chuku chimayambira. Ndi kutentha kwa kuno, mawere ndi mapira amamera pa masiku 2 kapena 3, chimanga chimatenga masiku ochulukirapo. Musadikire kuti mphukira zitalike ndi kubiriwira.

Kuyanika ndiye pagona nkhani. Yanikani mopyapyala pamkeka woyera, pamalo okwera pomwe nkhuku ndi mbuzi sizifika, mpaka njere izithyoka mukailuma. Thandala loyanikapo usipa lingathandize mutayalapo mkeka wina. Musaunjike chimera m'thumba chisanaumitsitse, ndipo nthawi ya mvula konzani chochepa chokha chomwe mungaumitse msanga.

Chikauma, fikisani ndi manja kuti timizu ndi timphukira tithothoke, kenaka petani. Pa chimera cha mapira ichi nchofunika kwambiri. Alimi amadziwa kuti mbuzi kapena ng'ombe ikhoza kufa itadya mphukira zanthete za mapira. Poizoni yemweyo, wa mtundu umodzi ndi wa chinangwa chowawa, amapezeka m'timphukira ndi m'timizu ta chimera cha mapira. Mukatichotsa, wambiri amachoka nato, ndipo kuwiritsa kumachotsanso wina. Ngati mawere alipo, chimera cha mwana chikhale cha mawere. Sinjani, sefani, ndipo sungani ufawo m'chitini chouma chotsekeka bwino. Konzani wongokwanira milungu yochepa.

Chuku sichiphikika

Pali chikhulupiriro chakuti chimanga choola, chomwe sitingadyere nsima, chimakhozabe ku mowa kapena ku thobwa, eti moto ndi kusasa zimapha zoipa zonse. Chikhulupiriro chimenechi chapha anthu.

Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akatswiri apeza kuti ana omwe ali naye wambiri m'thupi kawirikawiri amakhalanso opinimbira. Mu 2011 Dr Limbikani Matumba ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atayeza mapira, chimera ndi mowa wamasese m'chigawo cha kummwera kuno. Poizoniyu anampeza m'chimera, ndipo chimera chokonzera mowa chinali naye wochuluka kwambiri kuposa chokonzera thobwa. Anampezanso mumowa wophikaphika. Tanthauzo lake kwa ife nlakuti musabwereke chimera cha mowa kwa anansi kuti muthire m'phala la mwana. Konzani chanu, chomwe mwachiona ndi maso anu kuyambira tsiku lonyika.

Mwina ena mukukumbukira zomwe zinachitika kwa abale athu a ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pa 9 Januwale 2015. Anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wamasese, kumeneko amati pombe. Anthu oposa 230 anadwala ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Mphekesera inafala yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo ife a kunyanja tinaikhulupirira msanga, pakuti nkhani za ndulu ya ng'ona tinakula nazo. Koma madokotala atayeza bwino mowawo ndi ufa wake anapeza china. Ufa wa chimangawo unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo munamera kachirombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni woopsa amene satha ndi moto. Panalibe mfiti, panalibe ng'ona. Unali ufa woonongeka womwe anthu anaumvera chisoni kutaya.

Ife kuno tinaona nyanja itadzaza mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba za m'mbali mwa gombe. Ufa kapena chimanga chomwe chanyowa motero nkuyamba kununkha, kusintha mtundu kapena kugwirana mibulu, chikwirireni. Nkowawa kutaya chakudya m'chaka cha njala, ndikudziwa, koma palibe kaphikidwe komwe kangachikonze.

Phala lachimera

Tsopano tafika pa chomwe ndikufuna kuti mukayese kunyumba. Anzathu a ku Tanzania, kumene chimera amachitcha kimea, anayamba kuphunzitsa njira imeneyi m'zipatala za ana m'zaka za m'ma 1980.

Phikani phala la mgaiwa lolimba, lothira ufa kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Likapsa, phulani. Musathire chimera likubwata, chifukwa moto waukulu umapha mphamvu ya chimera. Dikirani mphindi 5 kapena 10 uku mukutakasa, likhale lotenthabe koma losabwata. Kenaka thirani sipuni yaing'ono imodzi ya ufa wa chimera pa kapu imodzi ya phala, ndipo takasani. Pakapita mphindi zochepa mudzaona phala likufewa lokha popanda dontho la madzi. Mukatero libwezereni pamoto libwate mphindi zingapo. Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, koma mpofunika, chifukwa chimera nchachiwisi, chakhala masiku pachinyezi, ndipo chikhoza kukhala ndi tizirombo ta matenda. Musaope, phalalo silidzalimbanso ngati poyamba.

Mwana akamwa kapu ya phala limeneli walandira ufa womwe akanaupeza m'makapu awiri kapena atatu a phala lamadzi. M'phalali mulibe choledzeretsa ngakhale pang'ono, pakuti yisiti sanapatsidwe nthawi.

Pa sikelo timakuuzani kuti phala la mwana likhale lokhuthala, losayenderera pa sipuni, ndipo malangizo amenewa sanasinthe. Mwana wathanzi amene akudya bwino phala lokhuthala msiyeni azidya, ndipo pang'onopang'ono azizolowera nsima yofewa ndi ndiwo. Chimera chimathandiza makamaka mwana amene akudwala kapena wangochira, amene ali ndi zilonda m'kamwa, amene alibe chilakolako cha chakudya, ndiponso amene wangoyamba kumene kudya ndipo akuvutika kumeza. Musachulutse chimera mpaka phala kusanduka madzi.

Chimanga chokha sichikuza mwana, kaya chili ndi chimera kaya chilibe. Sinjani usipa kapena matemba ouma pamodzi ndi mitu ndi minga yomwe, musefe, ndipo muziphikira m'phala sipuni imodzi. Tsiku lina thirani nsinjiro zosankhidwa bwino, dzira, kapena nkhwani ndi bonongwe wopota, ndi kasipuni ka mafuta ophikira. Mango akupsa ndi malambe omwe tili nawo ambiri kunowa amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'chakudya. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masipuni aakulu 2 kapena 3 mpaka kufika theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse. Wa chaka mpaka zaka 2 afike pa kapu yodzaza, ndi tizakudya tina pakati. Bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposera.

Nzeru izi sizachilendo m'boma lino. M'zaka za m'ma 1990 ntchito ya Tulimbe inaphunzitsa amayi a m'midzi ina ya Mangochi kunyika, kumeretsa ndi kusasitsa chimanga, komanso kusinjira ana nsomba zing'onozing'ono. Chifukwa chake nchakuti mumgaiwa muli chinthu chotchedwa phytate chomwe chimamanga zinki ndi ayironi kuti thupi lisazitenge. Kunyika nkutaya madzi ake, kumeretsa ndi kusasitsa zimachepetsa chinthu chimenechi.

Nanga thobwa mwana amwe?

Mwana wosakwana miyezi 6 asamwe thobwa, phala, ngakhale madzi. Bere lokha ndi lokwanira. Agogo ena adzakuuzani kuti kale kuchipatala ankati miyezi 4. Nzoona, koma kuyambira 2001 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa miyezi 6, litaona kuti ana oyamba zakudya msanga amatsegula m'mimba kawirikawiri.

Mwana wopitirira miyezi 6 angathe kumwa thobwa lophikidwa pakhomo, ngati mwasamala zinthu zingapo. Likhale ndi mtsuko kapena poto wakewake, wotsukidwa ndi madzi otentha, wovundikira, amene sanakhalemo mowa. Likhale lokhuthala. Limwedwe tsiku lomwe laphikidwa kapena m'mawa mwake. Ngati mukufuna kuti lisase msanga, mungathe kuchita monga amachitira ofulula: thiranimo masipuni angapo a thobwa la dzulo lomwe lawawasa koma silinayambe thovu. Kumbukirani kuti mbewu imeneyi imabwera ndi yisiti wake pang'ono, choncho musanampatse mwana, patulani gawo lake ndi kuliwiritsa. Moto umapha yisiti ndi tizirombo tina, koma kuwawasa kuja kumatsala. Likazizira mmwetseni ndi kapu, osati botolo la nsonga.

Zizindikiro zakuti thobwa lapitirira nzosavuta. Limachita thovu lokha, limalira mukayandikitsa khutu, chigubu chimafufuma ndipo chimatulutsa mpweya mukatsegula, fungo lake limalasa m'mphuno. Limenelo si la mwana, ndipo kuthiramo shuga kuti libwerere kutsekemera nkungodyetsa yisiti. Shuga muzithira m'kapu pa nthawi yakumwa.

Ku Tanzania komweko, kafukufuku wofalitsidwa mu 1994 anapeza kuti ana omwe ankamwa kawirikawiri phala losasitsa lotchedwa togwa ankatsegula m'mimba mocheperapo poyerekeza ndi anzawo a phala wamba. Motero mayi wopita kudoko amachita bwino kusiyira mwana phala losasa lovundikira kusiyana ndi phala wamba loti likhale kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Komabe kusasa kuli ndi malire ake. Thobwa lomwe langophikidwa kumene, lotsekemera, lisanawawase, ndi chakudya chokoma kwa tizirombo toipa. Mukalisungunula ndi madzi otunga m'nyanja mwathiramo matenda ndi manja anu. Mliri wa kolera wa mu 2022 mpaka 2023 unadwalitsa anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anavutika koposa. Madzi aliwonse olowa m'thobwa likachoka pamoto akhale owiritsa kapena othira kolorini. Kusasa sikuphanso kachirombo ka rota, kamene kamatsegulitsa m'mimba ana ambiri. Ka rota timakateteza ndi katemera wa m'kamwa, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012. Onani m'buku la mwana wanu ngati analandira.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, thobwa silitenga malo a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki. Mpatseni zimenezo, pitirizani kuyamwitsa ndi kumdyetsa phala lachimera pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa, liwombo lolowa, kapena akulephera kuyamwa, thamangirani kuchipatala osadikira kuti kuche.

Mowa ndi mkaka wa mayi

Funso linabwera kuchokera ku gulu lina lomvera wailesi: kodi si zoona kuti masese amachulukitsa mkaka? Mayi woyamwitsa amafunikadi zakumwa zambiri ndi chakudya choonjezera, ndipo thobwa latsopano limampatsa zonse ziwiri. Limeneli imwani ndi mtima wonse. Koma likasanduka mowa nkhani yasintha. Choledzeretsa chimalowa mumkaka pa mlingo wofanana ndi wa m'magazi a mayi, ndipo chimachedwetsa kutsika kwa mkaka. Akatswiri a ku Philadelphia ku America anayeza zimenezi mu 1991, napeza kuti makanda ankayamwa mkaka wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 5 m'maola otsatira mayi atamwa mowa. Bere limamveka lodzaza, mayi nkumati mkaka wachuluka, pomwe ladzaza chifukwa mwana sanaumalize. Chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku.

Kwa mayi woyembekezera palibe mlingo wa mowa womwe tinganene kuti ngwabwino. Mowa umadutsa m'nsengwa kukafika kwa mwana ndipo ukhoza kuononga ubongo wake moyo wonse. Masese, kachasu ndi mowa wa m'botolo onse nchimodzimodzi pa nkhani imeneyi.

Ena mwa inu mumafulula mowa wogulitsa, ndipo ndalama zake ndi zomwe zimagula sopo ndi makope a ana a sukulu. Sindinabwere kudzakuweruzani. Pempho langa nlakuti miphika, mithiko ndi zipanda za mowa zikhale kwaokha. Ngati ndinu oyembekezera, wolawa mowa kuti aone ngati wapsa akhale wina. Zotsalira zosefa musazisiye poyera, chifukwa ana amazidya poti nzotsekemera, ndipo mwana wamng'ono akaledzera shuga wa m'magazi mwake amatsika mpaka kukomoka. Chizolowezi chodonthezera mwana mowa kuti agone chilekeke. Ndipo mgolo wa phala lobwata ukhale ndi munthu wamkulu pafupi mpaka utazizira, pakuti ana okwawa amapsa moopsa pa masiku ofulula.

Pa sikelo ya mwezi wamawa tidzaphika phala lachimera pompano kuti aliyense adzaone mmene limasungunukira. Amene muli ndi mawere kapena mapira, nyikani kapu imodzi kutatsala sabata, ndipo mudzabwere ndi chimera chanu chouma chosasinja kuti tidzachione ndi kuchinunkhiza pamodzi. Amayi awiri adzatenge mgaiwa, awiri usipa wouma, wina mtondo waung'ono ndi sefa. Aliyense adzatengere mwana wake kapu ndi sipuni. Agogo amene amasunga ana inu mukapita kudoko, mudzabwere nawo.